Mwera Ukaleka, Mabuku Alankhule ku Usisya

(Kulira kwa malipenga, kenaka mafunde akumenya pamchenga)

WOULUTSA:

Pulogalamu ya lero ili ku Usisya, kumpoto kwa boma la Nkhata Bay, m'dera la mfumu yaikulu M'bwana. Nkhani yake ndi ya mabuku, anthu amene amawalemba, ndi tsiku limene alembiwo angakhale pamkeka umodzi ndi owerenga.

Sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira mu 1951, ikafika ku Usisya sigunda kumtunda. Imaponya nangula chapatali, n'kuliza hutala, ndipo mudzi wonse umathamangira kugombe. Amalinyero amatsitsa maboti, anthu n'kudzazamo thothotho pamodzi ndi matumba a ufa, malata, makatoni a sopo ndi njinga. Boti likayandikira mchenga, aliyense amatsikira m'madzi ofika m'mawondo, katundu ali pamutu, mwana ali kumbuyo, nsapato zili kumanja. Katoni ya mabuku ikabwera pa sitimayo imatsika mofananamo. Wina amaisenza, akuponda mosamala kuti funde lisamugwetse, pakuti ufa ukanyowa umayanikidwa, pamene buku likamwa madzi masamba ake amamatana ndipo latha basi.

Njira ina ndi msewu wochokera ku Mzuzu. Ndi wafumbi, wokhotakhota, ndipo potsetsereka phiri kulowa ku Usisya ngakhale dalaivala wozolowera amasiya kucheza. Mvula ikagwa, galimoto zambiri zimabwerera panjira.

Choncho buku lililonse limene lili pashelefu ku Usisya lidafika movutikira. N'zomvetsa chisoni buku lotere likangokhala osatsegulidwa, mpaka chiswe n'kuyamba kuliwerenga anthu asanaligwire.

Kumaiko ozizira, monga Britain, Canada ndi America, malaibulale ali ndi mwambo wodzutsa mabuku awo. Chisanu chikatha m'Marichi, mitengo ikayamba kuphuka ndipo anthu akayambanso kutuluka m'nyumba madzulo, laibulale ya m'tauni imakhoma ndandanda wa zochitika pakhomo. Tsiku lakuti kubwera wolemba nthano za ana, tsiku lakuti kuli alakatuli, tsiku lakuti mlembi wa mbiri yakale adzayankha mafunso. Mlembiyo amawerenga masamba angapo a buku lake, amafotokoza mmene adalilembera, anthu amamufunsa, kenaka amasayina mabuku. Kulowa n'kwaulere. Ku America ali ndi sabata yokondwerera malaibulale m'mwezi wa Epulo, imene idayamba mu 1958, ndipo bungwe la UNESCO mu 1995 lidasankha 23 Epulo kukhala tsiku la mabuku padziko lonse.

Koma Epulo wa ku Usisya ndi wina. Boma la Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma a mvula yambiri m'Malawi, ndipo Marichi ndi Epulo ndi miyezi imene imagwa mosalekeza, msewu uli matope okhaokha. Mvula ikangodula, mwera umayamba. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mphepo imeneyi imawomba kuchokera kummwera, nyanja imachita thovu, ndipo woyenda paboti amafika atasanza ndi kunyowa. Mlendo woitanidwa m'miyezi imeneyi akhoza kulonjeza ndi mtima wonse, koma n'kulephera kufika.

Nyengo ya mphukira ya kuno ndi Seputembala ndi Okutobala. Mitengo ya m'mapiri ozungulira Usisya imatulutsa masamba ofiira ngati yathiridwa utoto, mwera umafooka, nyanja imagona, msewu umauma. Sukulu zimatsegulira chaka chatsopano. Magulu a malipenga amakhala ali pakalikiliki kuyenderana, atavala zoyera mbee. Ndipo pa 8 Seputembala pali tsiku lokumbukira kufunika kodziwa kulemba ndi kuwerenga, limene dziko lapansi lidayamba kulisunga mu 1967. Ngati laibulale ya m'mphepete mwa nyanja ikufuna mwezi woitanira alembi, mwezi wake ndi umenewu, wosankhidwa poyang'ana nyanja ndi mitambo ya konkuno.

(Nyimbo pang'ono)

Nyumba zowerengeramo zilipo kale m'gombe limeneli, ngakhale n'zochepa. Ku Usisya kuli laibulale ya anthu onse imene imathandizidwa ndi bungwe la Temwa. Bungweli lidayamba mu 2003, lili ndi abwenzi ake mumzinda wa Bristol ku England, ndipo dzina lake lidachokera ku mawu a kumpoto kuno otanthauza kukonda. Chakumpoto pang'ono, ku Ruarwe, kumene anthu amafikako paboti kapena wapansi, kuli Nyumba ya Masambiro, nayonso yokhala ndi mabuku obwereka. Kummwera kwa Chintheche, ku Mwaya, bungwe la Ripple Africa lidamanga laibulale ya mudzi. Pamwamba pa onsewa pali bungwe la boma loona za malaibulale, la National Library Service, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1967, ndipo lili ndi nthambi ku Mzuzu.

Pampando wa wamkulu wa bungwe la boma limeneli padakhalapo mwana wa ku Usisya.

A Murray William Kanyama Chiume adabadwira ku Usisya pa 22 Novembala 1929. Mayi awo atamwalira iwo ali mwana, amalume awo adawatenga kupita nawo ku Tanganyika, monga ankachitira anthu ambiri a m'gombe lino pofuna ntchito ndi sukulu. Adaphunzira ku Dar es Salaam ndi ku Tabora, kenaka ku koleji ya Makerere ku Uganda, ndipo adaphunzitsako sukulu ku Dodoma. Atabwerera kwawo, mu 1956 adasankhidwa kulowa m'nyumba ya malamulo ya Nyasaland pamodzi ndi a Henry Masauko Chipembere. Awiriwa, akadali anyamata a zaka za m'ma 20, adazunguza atsamunda ndi mafunso m'nyumbayo, ndipo anali m'gulu la amene adalimbikira kuti Dr Hastings Kamuzu Banda abwere kudzatsogolera nkhondo yothetsa chitaganya. Chisankho cha 1961 chitatha, a Chiume adakhala nduna ya zamaphunziro, ndipo mu 1964 anali nduna yoona za ubale ndi maiko akunja.

Ufulu utangobwera pa 6 Julayi 1964, sipadathe miyezi itatu nduna zisanasemphane ndi Kamuzu. M'Seputembala a Chiume adachotsedwa paudindo pamodzi ndi a Orton Chirwa, a Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo. Adathawira ku Tanzania, ndipo adakhala kumeneko zaka 30. Kwa zaka zonsezo dzina lawo linkatchulidwa pamisonkhano ya chipani pofuna kulinyoza basi. Munthu wamba ankaopa ngakhale kulinong'ona.

Ku Dar es Salaam a Chiume adagwira cholembera. Adakhala mtolankhani m'manyuzipepala a kumeneko, adalemba m'Chingerezi ndi m'Chiswahili, ndipo mu 1975 mbiri ya moyo wawo idasindikizidwa ku Nairobi ndi mutu wakuti Kwacha. Anthu a ku Kenya ndi Tanzania ankatha kuligula bukulo m'sitolo n'kuwerenga za ubwana wa munthu wa ku Usisya. Abale ake a ku Usisya komweko sakanayerekeza kulisunga m'nyumba. Mu 1994, ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, a Chiume adabwerera kumudzi, ndipo boma latsopano lidawaika kukhala wapampando wa National Library Service, bungwe limene lidabadwa iwo atatha kale zaka zitatu kuchilendo. Adamwalirira ku New York pa 21 Novembala 2007, kutatsala tsiku limodzi kuti akwanitse zaka 78.

Omvera ena amawakumbukira a Chiume ngati ngwazi, ena ali ndi mafunso pa ndale zawo, ndipo mafunsowo ndi oyenera kufunsidwa. Malo ake ofunsira ndi ngati laibulale, pamene buku lili patebulo, wina akuwerenga mokweza, nkhalamba imene idawaona ndi maso ikuwonjezera kapena kutsutsa, ndipo mtsikana wa Fomu 3 akukweza mkono. Wolemba pulogalamu ino akuona kuti tsiku loyamba la alembi ku Usisya liyenera kuyambira pamenepa. Mlembi wa Kwacha sangabwerenso pa Ilala, koma buku lake likhoza kubwera, ndipo owerenga ake oyamba akadakhala anthu a m'mudzi mwake.

Si a Chiume okha m'boma lino. A Clements Kadalie adabadwira ku Chifira, pafupi ndi Bandawe, kumene amishoni a Livingstonia adatsegula sukulu atasamukirako mu 1881. A Kadalie adakayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndipo buku la moyo wawo lidatuluka mu 1970, iwo atamwalira kale mu 1951. A D.D. Phiri, mlembi wa ku Mzimba, adalembanso mbiri yawo. Boma limene anyamata ake mpaka lero amakwera mabasi kupita ku Joni lili ndi chifukwa chokwanira chomvera nkhani ya munthu amene adawatsogolera panjira imeneyo.

(Nyimbo pang'ono)

Wina akhoza kufunsa kuti, buku poti lilipo kale pashelefu, mlembi abwererenji?

Mwana wa kumudzi amakula akuganiza kuti mabuku amachokera kutali, kwa anthu amene sadya kondowole. Dzina la pachikuto amaliloweza chifukwa limabwera pamayeso. Tsiku limene adzaone mwini dzinalo akutsika m'boti atapinda buluku, akupempha madzi akumwa, akuseka, akuvomera kuti tsamba loyamba adalilemba kasanu asanakhutire nalo, mwanayo amayamba kuona kope lake mwa mtundu wina. Paja akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mafunso amene ana amafunsa pazochitika zotere amakhala achindunji. Nkhaniyi idachitikadi? Mudalemba masiku angati? Amakulipirani zingati? Ndani adakuuzani kuti mungathe? Buku siliyankha zimenezi, koma munthu amayankha, ndipo mlembi woona mtima amanenanso zowawa, zakuti m'Malawi muno ndi ochepa kwambiri amene amadya za kulemba kokha.

Mabuku ambiri a dziko lino adabadwira pocheza. Cha mu 1970 ophunzira ndi aphunzitsi a ku Chancellor College adayamba kukumana mlungu ndi mlungu m'gulu lotchedwa Writers Group, kuwerengerana ndakatulo ndi nthano n'kumadzudzulana poyera. M'gululi mudatuluka a Jack Mapanje, a Steve Chimombo, a Frank Chipasula ndi a Lupenga Mphande. Inali nthawi imene mawu ankamangitsa, ndipo a Mapanje adakhala kundende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Lero munthu akhoza kuimirira pansi pa mtengo wa mango ku Usisya n'kulakatula zimene zili kukhosi kwake, apolisi osamulondola. Ufulu umenewu udagulidwa modula, ndipo n'zachisoni kuti kumidzi sukugwiritsidwa ntchito mokwanira.

Za mphamvu ya kalaibulale kakang'ono Amalawi ali ndi umboni wawo. A Legson Kayira, mnyamata wa kumpoto amene adanyamuka wapansi mu 1958 kukafuna maphunziro, adapeza dzina la koleji ya Skagit Valley m'buku la mulaibulale ina ku Kampala, ndipo ulendowo adaulemba m'buku la I Will Try la mu 1965. A William Kamkwamba, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2002, adabwereka buku la zamagetsi mulaibulale ya pasukulu ya pulayimale ku Wimbe, ku Kasungu, n'kupanga makina amphepo oyatsa magetsi kwawo. Onse awiri adayamba ngati obwereka mabuku, n'kudzakhala olemba.

Pali mfundo imodzi imene wokonza tsiku la alembi ku Usisya sangailumphe, ndiyo chilankhulo. Mwana wa kuno amayamwa Chitonga kapena Chitumbuka, ndipo ambiri amalankhula kalankhulidwe ka pakati pa ziwirizi. Akalowa Sitandade 1 amaphunzira kuwerenga m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Mabuku a mphatso ochokera kunja nawo ambiri ndi a Chingerezi, onena za chipale chofewa ndi masitima apansi panthaka. Izi zili ndi mbiri yake. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress udagamula kuti Chichewa ndi Chingerezi zikhale zilankhulo za boma, ndipo Chitumbuka chidachotsedwa pawailesi ndi m'manyuzipepala mpaka 1994. Komatu kale mu 1932 a Filemon Chirwa adali atasindikiza Nthanu za Chitonga ku Livingstonia. Anthu a m'gombe lino ankalemba m'chilankhulo chawo agogo a ana a lerowa asanabadwe.

Motero mlembi wobwera kuchokera ku Mzuzu, Lilongwe kapena Zomba awerenge m'Chichewa kapena m'Chingerezi monga adalembera, koma pambali pake pakhale mphunzitsi wa konkuno womasulira, ndipo gogo wofunsa funso m'Chitonga asauzidwe kuti alibwereze m'chilankhulo china. Mabuku a Chichewa amene makolo ambiri adawerenga kusukulu, monga Nthondo la a Samuel Ntara, Sikusinja ndi Gwenembe la a John Gwengwe kapena Njala Bwana la a Willie Zingani, akhoza kukoka akuluakulu amene amaganiza kuti laibulale ndi ya ana a sukulu okha. Bambo amene adasiya sukulu zaka 30 zapitazo akamva mutu wa buku limene adalembera mayeso amaima panjira, nkhafi ili paphewa, kuti amveko pang'ono.

Ndipo alembi ena ali m'mudzi momwemo, kungoti salemba papepala. Kuyambira mu 2012 National Library Service, mothandizana ndi nthambi ya UNESCO ya m'Malawi ndi abwenzi akunja, idayenda m'maboma kujambula nkhalamba zikusimba nthano m'zilankhulo zawo, ndipo ku likulu lake ku Lilongwe ana akhala akusonkhana Loweruka kudzamvera nthano. Dr Timwa Lipenga adakhala pansi ndi mayi Rose Chibambo, omwe nkhope yawo ili pa K200, kuwafunsa za moyo wawo. Mayi Chibambo adamwalira mu 2016, buku la Lomathinda n'kutuluka mu 2019. Dr Lipenga akadachedwa zaka zochepa, mawuwo akadapita nawo kumanda. Ku Usisya kuli amayi amene akudziwa nyimbo za chilimika ndi kumene zidachokera, kuli asodzi odziwa mayina a mphepo ndi malo onse a nsomba, kuli madoda amene adagwira ntchito m'migodi ya ku Joni ndi ku Zambia. Foni yamakono imodzi ndi wophunzira wa sekondale wodziwa kufunsa mwaulemu n'zokwanira kuyamba ntchito imeneyi, ndipo zojambulazo zikalembedwa m'kope, laibulale imakhala ndi buku limene silipezeka kwina kulikonse padziko.

(Nyimbo pang'ono)

Nanga tsikulo lingakonzedwe bwanji kuti anthu abweredi?

Wokonza ayambe wayang'ana mwezi kumwamba. Usipa amaupha usiku ndi chilimira, siginala ali m'bwato lake ndi nyali zokopera nsomba. Mdima ukakhala wandiweyani asodzi amachezera panyanja, m'mawa n'kuyanika usipa pathandala, masana n'kugona. Kuitana msonkhano masiku amenewo n'kuitana mipando. Koma mwezi ukakhala wathunthu, nyali sizikoka nsomba, maukonde amakhala pamchenga akusokedwa, ndipo amuna amapezeka pamudzi. Amayi nawo ali ndi nthawi yawo, yovuula chinangwa, kuchiyanika ndi kusinja. Chakumadzulo, dzuwa litapendeka kuseri kwa mapiri, ndi pamene mudzi umapuma. Kuwala kwa mwezi komweko kumathandizanso kuti ochokera kutali abwerere kwawo bwinobwino.

Ayang'anenso ulendo wa sitima. Ilala imadutsa ku Usisya popita kumpoto ku Chilumba, n'kudzadutsanso pobwerera, kotero mlendo akhoza kutsika, kucheza ndi ana a sukulu masana, akuluakulu madzulo, kugona, n'kukweranso. Zofunika ndi tikiti, pogona, chakudya ndi kangachepe kothokozera, chifukwa kulemba ndi ntchito ngati usodzi. Bungwe la alembi la Malawi Writers Union, limene lidayamba mu 1995, ndi khomo loyenera kugogodapo pofuna mayina a alembi okonzeka kuyenda. Mfumu idziwitsidwe poyamba, mipingo ilengeze Lamlungu ndi Loweruka, gulu la malipenga litsegulire bwalo. Usisya ili ndi wailesi yakeyake ya m'dera, ndipo zokambiranazo zikaulutsidwa, wa ku Ruarwe amene sadapeze boti amva nawo.

Chinthu chimodzi chisaiwalike. Mlembi asachoke osasiya mabuku ake angapo pashelefu, chifukwa m'mawa mwake ana adzabwera kudzafuna buku la munthu amene adamuona dzulo, ndipo kuwabweza chimanjamanja n'kuzimitsa moto umene wangoyaka. Kumwaza mabuku a Amalawi m'malaibulale ang'onoang'ono kulinso ndi phindu lina. Pa 18 Disembala 2015 moto udanyeketsa laibulale ya Mzuzu University, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 adasanduka phulusa tsiku limodzi, ena mwa iwo osowa kwambiri onena za Malawi. Buku limene lili ku Mzuzu, ku Mwaya, ku Ruarwe ndi ku Usisya nthawi imodzi silingathe ndi moto umodzi.

Pa 22 Novembala 2029 padzakwana zaka 100 chibadwire a Kanyama Chiume. Tsikulo lidzagwa Lachinayi, kumapeto kwa chilimwe, mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana pamwamba pa nyanja koma msewu wa ku Mzuzu usanayambe kuterera. Pofika tsikulo pakufunika kuti buku la Kwacha lipezeke ku Usisya m'makope okwanira kalasi yonse, kuti mitu yonena za ubwana wawo imasuliridwe m'chilankhulo cha m'mudzimo, ndi kuti nkhalamba zimene zidawaona akubwerera mu 1994 zijambulidwe mawu zikadali ndi mphamvu zosimba.

Pulogalamu ya lero yathera pomwepa. Tsalani bwino, omvera.

(Malipenga akuliranso, hutala ya sitima ikumveka chapatali)